Zinenero zamanja za m'midzi zikutha: phunziro la mudzi wa Adamorobe kwa boma la Chiradzulu

Mwana wosamva wa m'midzi yozungulira Namitambo, m'boma la Chiradzulu, akapeza malo pa sukulu ya ana osamva ya Maryview ku Nguludi, safika kumeneko chimanjamanja. Amakhala ali kale ndi zizindikiro zimene iye, mayi ake, abale ake ndi anzake osewera nawo anazolowerana ponena za madzi, nsima, mbuzi, msika, matenda ndi anthu a m'banjamo. Pakapita miyezi ingapo ali pa sukulu, mwanayo amatola chinenero chamanja cha Malawi kwa ana anzake, ndipo zizindikiro za kwawo zija amazitaya pang'onopang'ono. Akabwerera kumudzi pa tchuthi amakhala ndi zambiri zoti afotokoze, koma anthu oti amumvetse amakhala ochepa.

Kwa banja limodzi, chotayika ndi zizindikiro zowerengeka chabe. Koma pa dziko lapansi pali midzi ina imene anthu osamva akhala akubadwa ambiri kwa mibadwo yambiri, mwakuti mudzi wonse, akumva ndi osamva omwe, unapanga chinenero chakechake chamanja. Zinenero zoterezi zili pa chiopsezo chotheratu, ndipo chodziwika kwambiri mu Africa ndi cha mudzi wa Adamorobe m'dziko la Ghana. Nkhani ya mudziwu ikukhudza aliyense wogwira ntchito za maphunziro, zaumoyo, zachilungamo ndi zachisamaliro cha anthu m'dziko muno, chifukwa chinenerochi sichikutha kaamba ka nkhondo kapena mliri. Chikutha kaamba ka mfundo zimene akuluakulu anakhazikitsa pokhulupirira kuti akuthandiza anthu osamva.

Mitundu itatu ya kulankhula ndi manja

Anthu ambiri amaganiza kuti chinenero chamanja ndi chimodzi pa dziko lonse, kapena kuti ndi Chichewa kaya Chingerezi chimene changoikidwa m'manja. Zonsezi si zoona. M'chaka cha 1960 katswiri wa zinenero wa ku America, William Stokoe, anasonyeza kuti chinenero chamanja cha m'dzikolo chili ndi malamulo akeake a kapangidwe ka mawu, monga momwe zilili ndi zinenero za pakamwa. Bungwe la United Nations limanena kuti pali zinenero zamanja zoposa 300, ndipo bungwe la anthu osamva pa dziko lonse la World Federation of the Deaf limati anthu osamva alipo oposa 70 miliyoni. Akatswiri amagawa njira zolankhulira ndi manja m'mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi zizindikiro za pakhomo. Ana osamva oposa 90 mwa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, amene sanaphunzirepo chinenero chamanja. Mwana wotere amapanga zizindikiro zake kuchokera ku zimene amaona: kuloza, kutsanzira kagwiridwe ka khasu kapena munsi, kusonyeza msinkhu wa munthu ndi dzanja. Zizindikirozi zimatha kuchuluka ndithu, koma zimadziwika kwa anthu ochepa, ndipo kawirikawiri zimathera pomwepo mwini wake akamwalira kapena akasamuka.

Mtundu wachiwiri ndi chinenero chamanja cha dziko. Chimenechi chimabadwa pamene anthu osamva ochokera m'madera osiyanasiyana asonkhanitsidwa malo amodzi, makamaka pa sukulu zogonera pomwepo. Chitsanzo chodziwika ndi cha dziko la Nicaragua, kumene ana osamva atasonkhanitsidwa m'sukulu za mumzinda wa Managua kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anaphatikiza zizindikiro za m'makwawo, ndipo m'zaka zochepa panatuluka chinenero chatsopano. Eni ake a chinenero cha mtunduwu amakhala osamva okhaokha, pamodzi ndi ana awo, aphunzitsi ena ndi omasulira.

Mtundu wachitatu ndi chinenero chamanja cha m'mudzi. Chimabadwa pamene kusamva kotengera ku mtundu kwafala m'mudzi umene anthu ake amakwatirana okhaokha. Popeza pafupifupi banja lililonse limakhala ndi m'bale wosamva, anthu akumva amaphunzira kulankhula ndi manja ali ana. Chosiyanitsa chachikulu ndi chakuti m'midzi yotere ambiri mwa odziwa chinenerocho ndi anthu akumva, ndipo munthu wosamva amatha kugula malonda, kudandaula mlandu kapena kucheza pamaliro popanda womasulira.

Mudzi wa Adamorobe

Mudzi wa Adamorobe uli m'chigawo chakummawa cha dziko la Ghana, m'tsinde mwa mapiri a Akuapem, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda wa Accra. Eni mudziwu ndi a mtundu wa Akan ndipo chinenero chawo cha pakamwa ndi Twi. Ambiri mwa anthu osamva a kumeneko ndi alimi a chinangwa, chimanga ndi zilazi. Akatswiri amakhulupirira kuti chinenero chamanja cha mudziwu chakhalapo kwa zaka pafupifupi 200, kutanthauza kuti ndi chakale kwambiri kuposa sukulu iliyonse ya ana osamva ya m'dzikolo.

M'chaka cha 2012 m'mudzimu munali anthu osamva 41 mwa anthu pafupifupi 3,500. Apa ndiye kuti mwa anthu 100 alionse mmodzi anali wosamva, pomwe m'madera ambiri a dziko lapansi ana obadwa osamva amakhala pakati pa mmodzi ndi atatu mwa 1,000. Kale gawo la anthu osamva linali lalikulu kuposa apa. Chiwerengero chawo sichinasinthe kwambiri kwa zaka makumi angapo, koma mudziwo ndiwo unakula chifukwa cha anthu akumva obwera kuchokera kwina.

Eni mudzi ali ndi nkhani zakale zofotokoza gwero la kusamvaku, zina zokhudza milungu ya m'deralo, zina zokhudza nkhondo za makolo awo. A zachipatala anapeza chifukwa china. Kafukufuku amene zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 1998 anasonyeza kuti kusamvaku kumachokera ku kusintha kwa kanthu kena kotengera kwa makolo, kamene akatswiri amakatchula kuti connexin 26. Mwana amabadwa wosamva pokhapokha atatengera kanthuka kwa bambo ndi mayi omwe. N'chifukwa chake makolo awiri akumva amatha kubereka mwana wosamva, ndipo anthu awiri osamva a m'mudzimo akakwatirana ana awo amabadwa osamva.

Chinenerochi chinayamba kutchulidwa m'mabuku a akatswiri a zinenero m'zaka za m'ma 1980. M'chaka cha 2007 Victoria Nyst wa ku Netherlands anatsiriza buku lofotokoza malamulo ake, ndipo m'chaka cha 2015 Annelies Kusters, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amenenso ndi wosamva, anatulutsa buku la Deaf Space in Adamorobe atakhala m'mudzimo kwa miyezi ingapo m'zaka za 2008 ndi 2009. Kafukufukuyu anasonyeza kuti chinenero cha mudziwu n'chosiyana kotheratu ndi chinenero chamanja cha dziko la Ghana. Olankhula ake amatambasula manja patali, zizindikiro zina zimachitidwa ndi mwendo kapena phazi, kukula kwa chinthu kumapimidwa pa chala kapena pa mkono, ndipo zizindikiro zambiri zimatsagana ndi kayendedwe ka milomo kotengera mawu a Twi. Zoterezi zinathandiza akatswiri kuzindikira kuti zina zimene ankaganiza kuti zimapezeka m'zinenero zamanja zonse zinali za ku Ulaya ndi ku America kokha.

Zimene zikupha chinenerochi

Choyamba ndi lamulo la ukwati. M'chaka cha 1975 mfumu ya mudziwo, Nana Kwaakwaa Asiampong II, inaletsa anthu awiri osamva kukwatirana pofuna kuchepetsa ana obadwa osamva. Kale maukwati otere ankachitika popanda choletsa, ndipo m'mabanja amenewo ndi momwe ana ankayamwira chinenero chamanja kuyambira ali makanda. Lamuloli linachepetsadi ana osamva, koma linasiya amuna ambiri osamva opanda banja, ndipo ena amangokhalira limodzi popanda mwambo wa ukwati. Kafukufuku wa Kusters anapeza kuti lamuloli ndilo dandaulo lalikulu la anthu osamva a m'mudzimo, chifukwa limawauza kuti munthu wonga iwo safunika kubadwa.

Chachiwiri ndi sukulu. Maphunziro a ana osamva m'dziko la Ghana anayamba m'chaka cha 1957 ndi Andrew Foster, mmishonale wosamva wachikuda wa ku America, amene anatsegula sukulu zoposa 30 m'mayiko 13 a mu Africa asanamwalire pa ngozi ya ndege ku Rwanda m'chaka cha 1987. Foster ankaphunzitsa ndi chinenero chamanja cha ku America, ndipo chinenero chamanja cha dziko la Ghana chinaphuka kuchokera m'menemo. Ana osamva a ku Adamorobe amaphunzira pa sukulu yogonera pomwepo ya ku Mampong, kumene amakhala miyezi yambiri pa chaka. Akabwerera kumudzi, achinyamatawa amacheza okhaokha m'chinenero cha kusukulu, ndipo cha m'mudzi amachigwiritsa ntchito polankhula ndi akuluakulu basi. Mapemphero a anthu osamva nawonso akhala akuchitika m'chinenero cha dziko.

Chachitatu ndi kukula kwa mudzi. Popeza Adamorobe ili pafupi ndi likulu la dziko, minda yambiri inagulitsidwa kwa anthu obwera kudzamanga nyumba ndi kudzafuna ntchito. Alendowa sadziwa kulankhula ndi manja ndipo alibe m'bale wosamva woti awakakamize kuphunzira. Chachinayi ndi manyazi: mudziwu umadziwika m'dera lonselo ngati mudzi wa anthu osamva, ndipo ena mwa eni ake akumva amaona dzinali ngati chitonzo.

Pa zifukwa zinayi zonsezi palibe chimene chinakonzedwa ndi cholinga chofafaniza chinenero. Mfumu inkafuna kuteteza mbiri ya mudzi wake, aphunzitsi ankafuna kuti ana adziwe kulemba ndi kuwerenga, ndipo ogula malo ankafuna pokhala. Sukulu ya ku Mampong yapatsadi achinyamata mwayi wolumikizana ndi osamva anzawo a m'dziko lonse, mwayi umene makolo awo analibe. Komabe zotsatira zake n'zakuti olankhula chinenero cha m'mudzi tsiku ndi tsiku akukalamba, ndipo owalowa m'malo akuchepa. Wotaya kwambiri ndi nkhalamba yosamva imene sinapite kusukulu, chifukwa anthu oti icheze nawo momasuka akutha chaka ndi chaka.

Midzi ina yotere

Zimene zikuchitika ku Adamorobe zinachitikapo kale pa chilumba cha Martha's Vineyard ku America. M'zaka za m'ma 1800 munthu mmodzi mwa 155 pa chilumbacho anali wosamva, ndipo m'tauni ya Chilmark anali mmodzi mwa 25. Asodzi, alimi ndi ogulitsa m'sitolo ankalankhula ndi manja ngati chinthu wamba. Sukulu ya ana osamva itatsegulidwa ku Hartford m'chaka cha 1817, ana a pachilumbapo anayamba kupita kumeneko, nakwatirana ndi anthu a kwina. Munthu womaliza wosamva wa m'mabanja amenewo, Katie West, anamwalira m'chaka cha 1952. Pamene Nora Ellen Groce ankalemba buku lake lonena za chilumbachi, limene linatuluka m'chaka cha 1985, anangodalira zimene nkhalamba zakumva zinkakumbukira. Chinenerocho chinatha chisanajambulidwe mokwanira.

M'mudzi wa Ban Khor, kumpoto chakummawa kwa dziko la Thailand, chinenero chamanja cha m'mudzi chikulowedwa m'malo ndi cha dziko. Pakati pa anthu a fuko la Al-Sayyid m'chipululu cha Negev, chinenero chimene chinabadwa m'zaka za m'ma 1930 chikusakanikirana ndi chinenero chamanja cha dziko la Israel chimene ana amaphunzira kusukulu. Kuno ku Africa akatswiri apezanso zinenero zotere ku Nanabin m'dziko la Ghana, ku Bouakako m'dziko la Côte d'Ivoire ndi pakati pa anthu a mtundu wa Bura ku Nigeria.

Mudzi wa Bengkala, pa chilumba cha Bali m'dziko la Indonesia, unatenga njira ina. Kuyambira m'chaka cha 2007 sukulu ya pulayimale ya m'mudzimo inayamba kuphunzitsa ana osamva m'chinenero chawo cha Kata Kolok, m'malo mowatumiza kutali akadali aang'ono. Izi sizinachotse chiopsezo chonse, koma zinasonyeza kuti mwana angathe kuphunzira popanda kumulanda chinenero cha kwawo.

M'mene zilili ku Malawi

Boma la Chiradzulu lili ndi malo apadera pa mbiri ya anthu osamva m'dziko muno. Maphunziro a ana osamva anayambira ku Nguludi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pansi pa abulazala a mpingo wa Katolika a chipani cha FIC ochokera ku Netherlands. Kumeneko n'komwe kuli sukulu ya Maryview komanso koleji ya Montfort, imene imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Pambuyo pake kunatsegulidwa sukulu zina: Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga.

Kwa zaka zambiri sukulu zoyambirirazi zinkatsata njira yophunzitsa ana kuyang'ana milomo ndi kuyesa kutulutsa mawu. Njirayi inafala pa dziko lonse kuchokera pa msonkhano wa aphunzitsi umene unachitikira mumzinda wa Milan ku Italy m'chaka cha 1880, umene unagamula kuti manja asamagwiritsidwe ntchito m'kalasi. Koma ana akakhala okha m'nyumba zogona ndi pabwalo la masewera ankalankhulabe ndi manja, ndipo m'malo oterewa ndi momwe chinenero chamanja cha Malawi chinakulira. Choncho zizindikiro za pakhomo zimene ana ankabwera nazo kuchokera m'midzi zili m'gulu la mizu ya chinenero cha dzikochi. N'chifukwa chakenso anthu ophunzira pa sukulu zosiyana amakhala ndi zizindikiro zosiyana za chinthu chimodzi.

Bungwe la anthu osamva la Malawi National Association of the Deaf, lodziwika mwachidule kuti MANAD, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992, ndipo lakhala likumenyera kuti chinenero chamanja chivomerezeke m'sukulu, m'zipatala, m'makhothi ndi pa wailesi yakanema. M'chaka cha 2021 bungweli linatulutsa buku loyamba lotanthauzira zizindikiro za chinenero chamanja cha Malawi, mothandizidwa ndi bungwe la anthu osamva la m'dziko la Finland.

Kumbali ya malamulo, gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chinenero chimene wasankha, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho lotengera chinenero kapena ulumali. M'chaka cha 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations loona za ufulu wa anthu olumala, limene limalamula maboma kuzindikira ndi kutukula zinenero zamanja, komanso kulemekeza chikhalidwe cha anthu osamva. Lamulo la anthu olumala la 2012 linapatsa boma udindo wotukula chinenero chamanja cha Malawi, ndipo m'chaka cha 2024 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano. Mayiko ena a m'chigawo chino anafika poika chinenero chamanja m'malamulo awo aakulu: Uganda m'chaka cha 1995, Kenya m'chaka cha 2010, Zimbabwe m'chaka cha 2013 ndi South Africa m'chaka cha 2023.

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu olumala 1,556,670 a zaka zisanu kupita m'tsogolo, ndipo 24 mwa 100 alionse a iwo anali ndi vuto la kumva. Chiwerengerochi chikuphatikiza okalamba amene makutu awo anafooka ndi ukalamba, choncho si onse amene amalankhula ndi manja. Kalemberayo anapezanso kuti boma la Chiradzulu linali ndi anthu 356,875.

Pali kusiyana kumodzi kofunika pakati pa midzi ya kuno ndi mudzi wa Adamorobe. Kusamva kwa ana ambiri m'chigawo chino cha Africa kumabwera ndi matenda monga malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku ndi mafinya a m'khutu osachiritsidwa msanga, komanso mankhwala ena amphamvu amene amaononga makutu. Kusamva kotere kumagwera mwana mmodzi m'mudzi uno, wina m'mudzi wina wakutali. Kotero chimene wogwira ntchito m'boma amakumana nacho kawirikawiri kumudzi ndi zizindikiro za pakhomo, kapena za kagulu kakang'ono ka anthu osamva amene amakumana pamsika kapena kutchalitchi. Ngakhale zili choncho, funso lake ndi lomwe lija la ku Ghana: munthu amene chinenero chake sichili m'buku, boma limumva bwanji?

Zoyenera kudziwa ogwira ntchito m'boma

Mfundo yoyamba ndi yakuti womasulira chinenero chamanja cha Malawi sangamve munthu aliyense wosamva. Mayi wosamva amene sanapondeko m'kalasi akafika pa chipatala cha Namitambo, kupolisi kapena ku bwalo la milandu, zizindikiro zake zingathe kukhala zachilendo kwa womasulira wophunzira bwino. M'mayiko ena, pa nkhani zotere amaitana munthu wina wosamva wodziwa chinenero cha dziko kuti agwire ntchito limodzi ndi womasulirayo, popeza osamva amamvana msanga ngakhale zizindikiro zawo zitasiyana. Kudalira m'bale wa wodandaula kuli ndi ngozi yake, makamaka pa milandu ya nkhanza, ya malo ndi ya chuma cha masiye, chifukwa nthawi zina m'baleyo ndi amene akukhudzidwa ndi mlanduwo. Chimodzimodzinso pa matenda amene munthu safuna kuti achibale awadziwe.

Mfundo yachiwiri ikukhudza maphunziro. Mwana wosamva afunika chinenero chathunthu akadali wamng'ono, chifukwa zaka zoyambirira ndizo zimene ubongo umatola chinenero mosavuta, ndipo mwana wochedwa kuchipeza amavutika m'maphunziro moyo wake wonse. Pa chifukwa ichi chinenero chamanja cha Malawi chiyenera kufika kwa mwana msanga, ndipo phunziro la Adamorobe silikutsutsa zimenezi. Chimene likuchenjeza ndi kuphunzitsa mwana yekha n'kusiya makolo ake kumbuyo, kapena kumuuza kuti zizindikiro za kwawo ndi za umbuli. Mwana wa ku Chiradzulu amatha kulankhula Chilomwe kapena Chiyao pakhomo, Chichewa pamsika ndi Chingerezi m'kalasi. Mwana wosamva nayenso angathe kusunga njira ziwiri zolankhulira, ya kumudzi ndi ya kusukulu.

Mfundo yachitatu ikukhudza mafumu ndi alangizi a zaumoyo. Lamulo la ukwati la ku Adamorobe likusonyeza kuopsa kogamula za moyo wa anthu osamva iwo palibe. Pangano la United Nations lija limateteza ufulu wa anthu olumala wokwatira, kukwatiwa ndi kubereka. Uphungu wa zachipatala ungaperekedwe kwa banja lofuna kudziwa za kusamva kotengera ku mtundu, koma chisankho ndi cha eni ake.

Mfundo yachinayi ndi kalembera wa m'madera. Alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, ogwira ntchito zachisamaliro cha anthu ndi mafumu ndi amene amalowa m'nyumba za anthu. Iwowa ndiwo angaone msanga ngati m'mudzi wina kapena m'banja lina muli anthu osamva angapo a mibadwo yosiyana, agogo, ana ndi zidzukulu, komanso ngati anthu akumva a m'mudzimo amalankhula nawo ndi manja mosadodoma. Zizindikiro ziwirizi ndizo zinatsogolera akatswiri ku midzi yonse imene yatchulidwa pamwambapa. Uthenga wotere uyenera kufika ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma, ku bungwe la MANAD, ku koleji ya Montfort ndi ku likulu loona za zinenero la Centre for Language Studies la pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba.

Mfundo yachisanu ndi kusunga. Chinenero chamanja sichisungika ndi cholembera chokha, chimafuna kanema. Lero foni ya m'manja ingathe kujambula zimene anthu a ku Martha's Vineyard analibe chojambulira. Ntchitoyi iyenera kuchitika ndi chilolezo cha eni ake, chopemphedwa m'njira imene iwo akuimva, ndipo anthu osamva ndiwo ayenera kuitsogolera. Phindu lake limabwereranso ku chinenero cha dziko, chifukwa zizindikiro zambiri za ulimi, za miyambo ya chinamwali ndi maliro, za ubale wa m'banja ndi za zitsamba zimapezeka kwa anthu akumudzi kuposa m'kalasi. Buku lotanthauzira zizindikiro likamakula, liyenera kutunga pa chitsime chimenechi m'malo mobwereka zonse ku zinenero zamanja za mayiko akunja.

Chaka chilichonse pa 23 September mayiko amakumbukira tsiku la zinenero zamanja, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa m'chaka cha 2017 ndipo linayamba kukumbukiridwa m'chaka cha 2018. Tsikuli linasankhidwa pokumbukira kubadwa kwa bungwe la World Federation of the Deaf mumzinda wa Rome m'chaka cha 1951. Pa zochitika za tsikuli amene amaoneka kwambiri ndi ophunzira, omasulira ndi atsogoleri a m'mizinda. Okonza mwambo wotere pa boma angachite bwino kuitananso nkhalamba yosamva ya kumudzi, pamodzi ndi mlongo kapena mdzukulu amene amamvana nayo, n'kuipatsa mpata woti ifotokoze m'zizindikiro zakezake. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo zimene anthu awiriwa amadziwa sizinalembedwe m'buku lililonse la kusukulu.